Agogo adya chiyani, amwa kangati lero?

Kuno ku Mwanza mwana wosakwana zaka zisanu ali ndi anthu ambiri omuyang'anira. Ali ndi buku la kuchipatala, ali ndi tsiku la sikelo, mlangizi wa zaumoyo amamuyeza pamkono, ndipo akangoyamba kutsika thupi amayi oyandikana nawo amayamba kufunsana. Mayi woyembekezera nayenso timamulondola mwezi ndi mwezi kufikira tsiku lochira. Ntchito imeneyi amayi taigwira kwa zaka zambiri ndipo yapulumutsa miyoyo.

Koma pakhomo pomwepo pali munthu wina amene thupi lake ndi losalimba ngati la mwana uja, ndipo palibe amene amamukweza pa sikelo. Ameneyu ndi agogo. Akawonda timati ndi ukalamba. Akasiya nsima m'mbale timati akhuta. Akakana madzi timati sakumva ludzu, ndipo timachotsa kapu ija. Monga namwino ndi mzamba amene anaphunzira ntchitoyi pa sukulu ya mpingo, ndaona agogo ambiri akufika kuchipatala atafooka kwambiri, lilime lili gwa, akulankhula zosamveka, pamene kunyumba kwawo ufa ulipo ndiponso mjigo uli pafupi. Maganizo anga ndi akuti kudya ndi kumwa kwa okalamba kukhale ntchito yokhazikika ya bungwe lathu la amayi m'mphakati uliwonse, yokhala ndi mayina, masiku ndi anthu oyankhapo, monga momwe zilili ndi sikelo ya ana.

Nyumba ya okalamba ndi khomo lathu

Ku maiko ngati Britain okalamba ambiri amakhala m'nyumba zowasamalira, momwe muli anthu olembedwa ntchito imeneyi. Ngakhale kumeneko, kunyentchera ndi kuchepa kwa madzi m'thupi ndi vuto lodziwika, mwakuti amalemba pa pepala makapu amene munthu wamwa ndi chakudya chimene wasiya m'mbale. Kuno kwathu nyumba zotere ndi zowerengeka. Kalembera wa mu 2018 anapeza kuti pafupifupi anthu asanu mwa 100 alionse m'Malawi ali ndi zaka 60 kapena kuposerapo, ndipo pafupifupi onsewa ali m'makomo mwathu, kapena m'kanyumba kawo kumapeto kwa mudzi. Namwino wawo ndi ife: mwana wamkazi, mpongozi, mdzukulu, kapena mayi wa nyumba yoyandikana.

Ife a pamalire tili ndi vuto lina lapadera. Msewu wopita ku Zobue ndi Tete watenga ana athu ambiri. Ena ali ku Joni, ena ku Tete, ena ku Blantyre. Amatumiza ndalama pa Mukuru, pa Mpamba kapena pa Airtel Money, ndipo Mulungu awadalitse chifukwa sanaiwale makolo. Koma ndalamayo ikafika pafunikabe munthu woti akagule, akagayitse, atunge madzi, aphike ndi kukhala pambali pa agogo mpaka amalize kudya. Nthawi zambiri agogowo ndi amene akulera zidzukulu, ndipo ndiwo zikachepa amene amayamba kunena kuti wakhuta ndi iwowo.

Ludzu limakalamba limodzi ndi munthu

Chinthu choyamba choti tichimvetse ndi chakuti munthu akamakalamba, thupi limasiya kumuchenjeza msanga kuti likufuna madzi. Inu ndi ine tikatenthedwa timamva ludzu nkuthamangira kumtsuko. Agogo angathe kukhala tsiku lonse la mu Okutobala pakhonde, madzi akutha m'thupi, iwo osamva kanthu. Akanena kuti alibe ludzu akunena zoona, koma thupi lawo likusowa madzi ndithu. Komanso impso zokalamba sizisunga madzi bwino ngati kale, ndipo thupi la wokalamba limakhala kale ndi madzi ochepa poyerekeza ndi la wachinyamata.

Palinso zifukwa zina zimene agogo sangakuuzeni chifukwa cha manyazi. Ambiri amadzimana madzi dala poopa kudzuka usiku, chimbudzi chili kutali, mawondo akupweteka, maso sakuona bwino. Ena mkodzo umawapulumuka, ndiye amaona kuti kuli bwino kusamwa kusiyana ndi kunyowetsa mphasa pamaso pa zidzukulu. Ena chigubu cha malita 20 sangachipendeke, ndipo safuna kuvutitsa anthu. Onjezeraninso mankhwala: ena mwa mapiritsi a BP amakodzetsa, ndipo matenda a shuga akakhala kuti sakusamalidwa amachititsa munthu kukodza pafupipafupi.

Munthu wokalamba amafunika kumwa pakati pa lita imodzi ndi theka ndi malita awiri pa tsiku, ndipo nyengo yotentha kapena akamadwala malungo amafunika kuposa apo. Njira yosavuta ndi iyi: m'mawa dzazani botolo la malita awiri ndi madzi a pamjigo, owiritsa kapena othira klorini, muliike pamene dzanja la agogo lingafike, pamodzi ndi kapu yopepuka. Dzuwa likamalowa botololo likuuzani zoona. Musadikire kuti apemphe. Apatseni pang'onopang'ono, theka la kapu nthawi iliyonse imene mwadutsa, makamaka m'mawa ndi masana kuti usiku asavutike. Thobwa, tiyi, mkaka, madzi a malambe ndi phala lamadzimadzi zonse zimawerengedwa. Nyengo ya manachesi, pamene madengu amadzaza m'mbali mwa msewu kudikira apaulendo, tisaiwale kusenda awiri a agogo. Ndipo kachidebe kokhala ndi chivindikiro pafupi ndi pogona kamathetsa mantha a usiku. Okhawo amene adokotala anawauza kuti achepetse madzi chifukwa cha matenda a mtima kapena a impso ndiwo ayenera kutsatira muyezo umene anapatsidwa.

Zizindikiro zoti madzi achepa m'thupi ndi izi: mkodzo wochepa ndi wofiirira, m'kamwa ndi lilime zouma, chizungulire poimirira, kudzimbidwa, kugwa, kugona kwambiri. Njira ija timayezera ana yotsina khungu siithandiza kwenikweni kwa okalamba, chifukwa khungu lawo limachedwa kale kubwerera.

Agogo akatsekula m'mimba musadikire mawa. Mliri wa kolera wa mu 2022 ndi 2023 unapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ndipo unatikumbutsa kuti madzi amatha m'thupi m'maola ochepa. Sungunulani paketi imodzi ya Thanzi mu lita imodzi ya madzi aukhondo, muyambe kuwamwetsa nthawi yomweyo pamene mukukonza ulendo wa kuchipatala. Ngati Thanzi palibe, thirani masipuni a tiyi asanu ndi imodzi a shuga osasefukira ndi theka la sipuni ya tiyi ya mchere mu lita imodzi ya madzi. Musawonjezere mchere kuposa pamenepa.

Agogo akasokonezeka mutu mwadzidzidzi

Pali chizindikiro chimodzi chimene ndikufuna tichiganizire mozama, chifukwa chimaika moyo wa agogo pa ngozi kawiri. Munthu wokalamba madzi akachepa m'thupi, kapena akadwala malungo, chibayo kapena matenda a m'njira ya mkodzo, mutu umatha kusokonezeka m'tsiku limodzi lokha. Agogo amene dzulo amacheza bwinobwino lero sakuzindikira mwana wawo, akuitana anthu amene anamwalira kalekale, akuvula zovala, atuluka usiku nkupezeka mbandakucha pakhomo pa eni. Kuchipatala timadziwa kuti awa ndi matenda, ndipo nthawi zambiri choyambitsacho chikachizidwa munthuyo amabwerera m'nzeru zake. Koma inu mukudziwa zimene mudzi umanena ukapeza nkhalamba ili maliseche pakhomo pa munthu m'mamawa.

Dzina la ufiti likangomatidwa pa wokalamba, mapeto ake timawadziwa. Mu Januwale 2016 kwa anansi athu ku Neno, boma limene kale linali mbali ya Mwanza, okalamba anayi anaphedwa m'mudzi wa Chimbalanga powaganizira ufiti, mtsikana wina atafa ndi mphenzi. Malamulo a dziko lino amaletsa kunena munthu kuti ndi mfiti, ndipo mu 2024 Nyumba ya Malamulo inavomereza lamulo loteteza anthu achikulire. Koma lamulo lili ku Lilongwe, pamene mayi wa m'bungwe lathu ali m'mudzi momwemo pa ola limene anthu ayamba kusonkhana. Mayi ameneyo akhale woyamba kuvundikira agogowo chitenje, kuwapatsa madzi ngati angathe kumeza, ndi kunena mokweza kuti awa akudwala, tiyeni nawo kuchipatala.

Njala m'nyumba ya chakudya

Tibwere ku mbale. Ambiri timaganiza kuti popeza agogo salimanso, safunika chakudya chambiri. Ndi zoona kuti mimba yawo imalandira zochepa, koma zakudya zomanga thupi amazifuna kwambiri, chifukwa minofu ya wokalamba imatha msanga. Minofu ikatha, miyendo imalephera, munthu amagwa, amathyoka, amagona pamphasa, ndipo zilonda za pamsana ndi m'chiuno zimayamba. Thupi lonyentchera limachedwanso kupoletsa bala ndi kulimbana ndi chifuwa.

Yang'anani mbale imene timawapatsa: nsima yolimba ya banja lonse, nyama ya mbuzi yokazinga, chimanga chootcha, usipa wouma. Munthu amene watsala ndi mano atatu angatani nazo? Amanyambita msuzi, nkukankha mbale. Ena m'kamwa muli zilonda kapena zoyera ngati mkaka, ndipo kutafuna kumawawa. Ena samvanso kukoma ndi fungo la chakudya ngati kale. Ndiye pali kusungulumwa. Munthu amene anaika m'manda mwamuna wake ndi anzake onse a msinkhu wake, nkumadya yekha kuseri kwa nyumba, chakudya sichimulowa. Mowa nawo, makamaka kachasu, umapha njala ndi kuumitsa thupi.

Magulu asanu ndi limodzi a zakudya amene tinaphunzira kusikelo ya ana ndi omwewonso a agogo: zokhutitsa, zanyama, za m'gulu la nyemba, masamba, zipatso ndi zamafuta. Chimene chimasintha ndi kaphikidwe. Phala la mgaiwa lithiridwe nsinjiro, ufa wa soya, dzira kapena kasipuni ka mafuta ophikira. Nsima yawo ipakulidwe isanalimbe. Usipa ndi bonya zisinjidwe nkuthiridwa mu ndiwo. Nandolo amene timalima kuno, khobwe ndi nyemba ziphikidwe mpaka kufewa, kenako zipotedwe. Futali, maungu, nkhwani wotendera, therere, nthochi yakupsa, papaya ndi peyala zimadyeka popanda mano. Likuni Phala si ya ana okha. M'malo mwa mbale yodzaza kawiri pa tsiku, apatseni pang'ono kanayi kapena kasanu. Tiyi abwere patapita kanthawi atadya, chifukwa akamwedwa pamodzi ndi chakudya amachepetsa ayironi amene thupi likanatenga. Amene ali ndi matenda a shuga afunse kuchipatala za muyezo wa thobwa, zipatso zotsekemera ndi phala.

Agogo amene anadwala sitiroko, kapena amene amatsokomola ndi kutsamwa pomwa madzi, amafuna chisamaliro chapadera. Musawadyetse atagona, chifukwa chakudya chingalowe m'mapapo nkuyambitsa chibayo. Akhazikeni tsonga, atsamire khoma kapena mtsamiro, muwapatse sipuni imodzi nthawi imodzi, mudikire ameze, ndipo akhalebe chikhalire kwa theka la ola atamaliza. Zakumwa zokhuthala pang'ono monga phala nthawi zambiri zimamezeka bwino kuposa madzi enieni, koma vutoli likaonekera pitani nawo kuchipatala akawaone. Tsukani m'kamwa mwawo tsiku lililonse ngakhale mano kulibe.

Kuwonda kumaoneka ngakhale popanda sikelo. Chitenje chimayamba kuzungulira mopitirira, m'mbali mwa mutu mumalowa, mafupa a pamapewa amatuluka. Munthu wa makilogalamu 50 akataya makilogalamu asanu m'miyezi isanu ndi umodzi, chimenecho ndi chizindikiro cha ngozi. Kuwonda kotere kungakhalenso TB, shuga, khansa kapena HIV, imene siona msinkhu. Chipatala cha boma cha Mwanza ndi zipatala zazing'ono monga cha Thambani ndi cha Kunenekude zilipo chifukwa cha agogonso.

Nkhani ya kusala kudya

Agogo athu ambiri ndi akhristu olimba, ndipo ena amadzivulaza chifukwa cha kudzipereka. Lamulo la Mpingo la kusala kudya pa Lachitatu la Phulusa ndi Lachisanu Loyera limakhudza anthu a zaka 18 mpaka 59. Wa zaka 60 kupita m'tsogolo salamulidwa kutero. Pa ola limodzi lija losala tisanalandire Ukaristia, madzi ndi mankhwala sizoletsedwa kwa aliyense, ndipo okalamba ndi odwala amaloledwa kulandira ngakhale atadya kanthu m'ola limenelo. Choncho agogo amene amayenda mtunda wautali kupita ku Misa asachoke pakhomo ndi mimba yopanda kanthu. Tiwauze zimenezi mwaulemu, ndipo ngati sakutikhulupirira tipemphe bambo mfumu kapena akatekisiti anene paguwa nyengo ya Lenti isanayambe.

Kodi si umphawi?

Ena anena kuti zonsezi ndi zabwino, koma vuto ndi njala. Sindikutsutsa. Mu Malichi 2024 boma linalengeza kuti maboma 23 mwa 28 ali pa ngozi chifukwa cha ng'amba, chaka chimodzi chokha namondwe wa Freddy atasakaza chigawo chathu cha kummwera. Mayi amene ali ndi ana asanu ndi kambale kamodzi ka ufa sitingamuweruze. Pachifukwa chomwecho tiyenera kuonetsetsa kuti mayina a okalamba osowa akulowa m'kaundula wa Mtukula Pakhomo ndi wa chimanga cha chithandizo, komanso kuti chimene chalandiridwa m'dzina la agogo chikufika m'mimba mwawo. Tonse timadziwa makomo amene khadi ndi la agogo koma wodya ndi wina.

Komabe zambiri zimene ndatchula sizifuna ndalama. Botolo la madzi, nsima yofewa, kusinja usipa womwe banja likudya kale, kukhala nawo pamphasa imodzi: zonsezi zimafuna maso ndi nthawi. Ndaonapo agogo onyentchera m'nyumba zamalata, momwe ana amatumiza ndalama mwezi uliwonse.

Enanso amati dayosizi ingomanga nyumba yosungira okalamba. Pali agogo amene alibiretu wachibale, kapena amene anathamangitsidwa m'mudzi, ndipo amenewa malo otere angawapulumutse. Koma nyumba imodzi ingasunge anthu angati mwa okalamba onse a kwa Kanduku, kwa Nthache ndi kwa Govati? Ambiri sangalolenso kusiya munda wawo ndi manda a abale awo. Miphakati tili nayo kale m'midzi yonse, ndipo mutu umodzi susenza denga.

Zimene bungwe lathu lingayambe mwezi uno

Timayendera kale okalamba pa Khirisimasi ndi pa Lenti, titanyamula shuga, sopo ndi mchere. Timaimba, timapemphera, timajambulitsa, nkubwerera. Ndi ntchito yabwino, koma thupi limafuna madzi tsiku lililonse la chaka. Ndikupempha kuti pa msonkhano wotsatira mphakati uliwonse ulembe m'kope mayina a okalamba onse a m'dera lake, a mpingo wathu ndi a mipingo ina, ndi kuika chizindikiro pa amene amakhala okha, amene akulera zidzukulu, ndi amene sangathe kuyenda. Aliyense wa amenewa apatsidwe amayi awiri omuyendera kamodzi pa sabata, ndipo m'miyezi ya Okutobala ndi Novembala kawiri.

Ulendowo uzichitika nthawi ya chakudya, kuti muone ndi maso zimene zili m'mbale ndi zimene zatsala. Mukatha kupereka moni, funsani kuti adya chiyani kuyambira dzulo, amwa kangati, akodza kangati ndipo mkodzo ukuoneka bwanji. Ndife amayi, mafunso otere tikudziwa kuwafunsa mwaulemu. Onani m'kamwa, onani ngati madzi ali pafupi, onani ngati mapiritsi a BP kapena a shuga alipo. Lembani mzere umodzi m'kope lija. Mukaona kuwonda, kutupa miyendo, kukana chakudya masiku awiri kapena kusokonezeka mutu, dziwitsani achibale ndi mlangizi wa zaumoyo tsiku lomwelo. Pokolola, mayi aliyense apereke kambale ka mtedza, soya kapena nandolo, tigayitse ufa wa phala wa agogo amene alibe wowathandiza. Ndipo polankhula ndi mpongozi kapena mdzukulu amene akusamalira wodwala, tisafike ngati apolisi. Munthu ameneyo watopa. Tsiku lina timulandire ntchito kuti apite kumsika kapena akapume.

Mu 2021 Papa Francis anakhazikitsa tsiku la agogo ndi okalamba, limene limakumbukiridwa Lamulungu lachinayi la mwezi wa Julayi, pafupi ndi chikondwerero cha Joachim ndi Anna oyera pa 26 Julayi. Tsiku limeneli likhale lowerengera ntchito yathu: okalamba angati tinawalemba, angati tinawaperekeza kuchipatala, angati anabwerera m'thupi. Tipemphenso alangizi a zaumoyo abwere ndi sikelo ku tchalitchi tsiku limenelo, agogo akwere, tilembe, chaka chamawa tidzayerekeze.

Kudyetsa anjala ndi kumwetsa aludzu ndi ntchito ziwiri zoyambirira pa ntchito zachifundo zimene tinaphunzira pa katekisimu, ndipo lamulo lachinayi silinaike malire a zaka. Timakonda kunena kuti akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto. Dambolo nalo limafuna madzi. Ife amene tili m'zaka za m'ma 50 tatsala pang'ono kukhala pakhonde lomwelo, ndipo ana athu aakazi adzatisamalira monga momwe akutionera tikusamalira amayi athu lero.